Dzina la Ntchito Yanga

Kuno ku Zavkhan, faivi koloko m'mawa,
ndimatuluka nditaluma tochi
poti manja ali m'magolovesi awiriawiri.
Kabokosi koyera kaima ndi miyendo inayi kuseri kwa nyumba.
Ndikatsegula, ndiwerenga:
madigiri makumi anayi ndi imodzi pansi pa ziro.
Inki imaundana, ndiye ndimalemba ndi pensulo.

Papepala la malipiro analemba kuti ndine tsag uurch.
Tsag ndi nthawi, ndi wotchinso.
Uur ndi nthunzi ya pa ketulo,
koma liwu lomwelo ndi mkwiyo.
Tsiku londilemba ntchito palibe anandiuza
kuti pa ziwirizi ndizisunga chiti.

Gombojav, mwini nkhosa mazana atatu,
amanditcha wolosera.
Ndamuuza kangati: ine sindilosera, ndimayeza.
Olosera ali ku Ulaanbaatar, m'chipinda chofunda,
amatenga manambala anga ndi a anzanga
n'kuwaphika m'makina mpaka mutuluke mawa.
Ndiye pali mtsikana wa pa kanema, wa jekete lofiira,
woloza mapu ndi chikhatho.
Ameneyo ndi wolengeza.
Anthu atatu, ntchito zitatu.
Iye amangopukusa mutu:
nonsenu mumadya za mitambo.

Mwana wanga Sarantuya anabwera kuchokera kusukulu
ndi liwu lalitali la Agiriki, meteorologi,
nafunsa ngati ndimawerenga miyala yoyaka
imene imagwa usiku.
Ndinati ayi, muzu wake ndi chilichonse cholendewera m'mwamba,
chosafika pansi, chosafikanso ku nyenyezi.
Anaganiza kanthawi.
Ngati malaya pachingwe?
Ndinati eya, chapompo.

Mu Januwale ndinatumiza manambala maola atatu aliwonse,
osaphonya ngakhale kamodzi.
Wailesi inati chipale chigwa chochepa.
Chinagwa masiku asanu ndi limodzi,
chinasungunuka masana amodzi,
n'kuuma pamwamba kuti gwa, ngati galasi.
Nkhosa zinapalasa mpaka ziboda kuchucha magazi,
udzu uli pansi pomwepo, zikuuona.
Izi timazitcha dzud.
Liwu limeneli silifuna sukulu.

Gombojav anafika pa hatchi yoonekera nthiti.
Sanakalipe.
Anamwa tiyi wamkaka wamchere, makapu awiri,
kenako anati: zafa mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri.
Mwa atatu inu, ndipite kwa uti?

Buku langa linali patebulo.
Manambala onse anali olondola, ndikanatha kumuonetsa.
Liwu lija, woyeza, linali kale palilime,
lokonzeka kunditchinga ngati chitseko.
Ndinalimeza.
Ndinamuthirira tiyi wachitatu.

Patapita nthawi anati:
masiku a bambo anga udzu unkakhudza mimba ya hatchi,
lero sufika n'pachidendene.
Zimenezo mumazitcha chiyani, kapena zilibe dzina?
Ndinati zili nalo, uur amisgal,
nthunzi ndi kupuma kwa dziko,
si za lero kapena za sabata ino.
Amene amaziwerenga sanena kanthu
zisanakwane zaka makumi atatu.
Wachinayi? anatero,
ndipo anaseka, kuseka kouma kothera m'chifuwa.
Mwachulukana ndithu, thambo lili limodzi.

Wotchi inagunda eyiti koloko ya usiku.
Ndinavala magolovesi.
Ananditsata osamuitana,
nandigwirira tochi pa kabokosi,
nthunzi ya mpweya wathu ikukwera pamodzi
n'kugwa ngati mchere pa malaya.
Anasuzumira kamzere kaja m'galasi,
maso atatsinzinira.

Kakuti chiyani za mawa?

Ndinati sikadziwa za mawa.
Kakunena za pano pokha:
makumi atatu ndi asanu ndi atatu.

Lembani, Dulamsuren, anatero,
pensulo isanakugweni m'manja.